Zinayi Zotsala

Lamlungu madzulo, pakhonde lathu ku Valparaíso,
ndamaliza.
Njinga yamoto yaima payokha,
thanki ili pamalo pake, mpando watsekeka,
manja anga ada bii mpaka m'zigongono.
Ndikuti nditaye chitini cha nsomba
chomwe ndimaponyamo tizitsulo,
chitini chayankha: ngwere!

Zinayi.
Bawuti wamtali, nati, kamphete ka kopa,
ndi kena kakang'ono ngati dzino la mwana.

Mtima wangoti myuu.
Kuno misewu siyenda chogona,
imagwa kuchoka paphiri mpaka kudoko,
ndipo woiwala bawuti kumtunda
amakamukumbukira kumunsi, ngati wafika.

Ndaziyala pa nyuzipepala ya dzana.
Wamtali uja ndamununkhiza.
Akununkha oyilo wopsa, mazinga ake ndi oyera,
sanaonepo mvula, ndiye kwawo ndi m'kati.
Ndagona chagada pa simenti yozizira, tochi kukamwa,
kuwerenga mitu pa chivundikiro cha injini:
zisanu ndi ziwiri, kenako bowo
likundiyang'ana ngati diso la munthu amene ndili naye ngongole.
Walowa osakana.

Kamphete ka kopa kadziulula kokha.
Pansi pa njinga pali dontho,
lina likukonzeka kugwa.
Ndiye kuti oyilo yense ndimukhuthulenso,
oyilo wa ndalama zanga za Lachisanu.
Ndatukwana pang'ono. Galu wa a Evaristo wamva.

Nati wandivuta.
Ali ndi dzimbiri mbali imodzi, mbali ya kunyanja,
mchere wam'dya monga umadyera malata athu.
Ndamuyesa pa galasi, wakula.
Pa chopondera, wachepa.
Ndamuyesa pa zinthu zomwe sindinazikhudze n'komwe.
A Evaristo atsamira mpanda, kapu ya tiyi m'manja,
akuti, "Ximena, gwedeza paipi ya utsi."
Ndagwedeza. Yavomera ngati dzino lofuna kuchoka.
Sananenenso kanthu, angomwa tiyi wawo.

Katsala kamodzi.
Magetsi a m'doko ayaka,
sitima ina ikulira kutali ngati yadya zoipa,
ine ndikuzungulira njinga kachisanu.
Mabuleki ndawamasula, ndawamanganso.
Unyolo ndaupapasa mfundo ndi mfundo.
Palibe bowo lomwe likulira njala.
Kanthuka kali m'dzanja langa, kopepuka,
koma kakulemera kuposa injini yonse.

Ndaimbira Eleodoro ku Calama,
kumigodi komwe anapita n'kundisiyira njingayi
pamodzi ndi sipanala yopindika ndi ngongole ya matayala.
Wayankha ndi mawu a tulo.
Ndakafotokoza: mutu wozungulira, mzere umodzi pakati,
kachidutswa ka tepi yofiira kokanirira m'khosi.
Kwakhala zii.
Kenako kuseka, kuseka mpaka kutsokomola fumbi la kumeneko.

"Kameneko kananditsalira inenso, mlongo wanga,
zaka zinayi zapitazo.
Ndinasaka kwawo sabata yathunthu.
Ndinangokamata pansi pa mpando
kuti tsiku lomwe njinga idzakafune, kadzakhale pafupi.
Mwina kanatsaliranso amene anandigulitsa."

Sitinalankhule chiyambire maliro a bambo.
Lero talankhula za kabawuti mphindi makumi awiri,
za mtengo wa oyilo, za chifuwa chakecho.
Zina zija sitinazikhudze.
Nazonso zili m'chitini china.

M'mawa kuli nkhungu.
Ndadula tepi yatsopano, yakuda poti yofiira ndilibe,
ndakamata pomwe kanali.
Injini yadzuka pa kuponda kwachitatu.
Ndikutsika Cerro Cordillera pang'onopang'ono,
zala ziwiri pa buleki,
khutu kumbuyo, kumvetsera chilichonse chogwa.
Pa kona ya ogulitsa buledi china chalira pamsewu, ngwe!
Ndaima. Ndayang'ana.
Ndi chitsekerero cha botolo.
Komabe ndachitola.