Kutontholetsa Nthaka ya ku Leonora

Kuno dothi ndi lofiira ngati chiwindi,
lodzaza chitsulo chosaoneka ndi maso,
ndipo makina osakira golide
akungolira paliponse ndikawayatsa,
mwala uliwonse akuuyesa chuma.

"Sanaidziwe nthaka ino," akutero Merv Trevaskis,
bambo anga, ali khale pa chigubu kuseri kwa galimoto,
ntchentche zitadzaza chipewa.
"Kweza mbale. Tsitsa. Usagunde pansi.
Kwezanso."

Ndikukweza, ndikutsitsa,
mbale yakuda ikupuma pamwamba pa miyala,
chala chikupotokola kabatani pang'onopang'ono.
Kulira kwakwera: ndapitirira muyeso.
Kwazilala: ndabwerera kwambiri.
Pakatikati pali mpata woonda ngati tsitsi
pomwe nthaka yonse imatseka pakamwa,
n'kungotsala kamng'ung'udzo kamodzi, kosalala.

Iwo sakumva zimenezi.
Zaka makumi atatu za mumgodi zinawadya makutu.
Amangowerenga nkhope yanga.

Mapazi makumi awiri okha, dothi lasintha mtundu,
makina ayambanso mabodza.
Ndiyambirenso.

Dzuwa litapendeka, kamawu kena,
koonda, kosasuntha,
kakundiitanira malo amodzimodzi ndikadutsa.
Ndagwada, ndakumba ndi piki:
msomali wa nsapato, wadzimbiri,
wa wina amene anafika kuno ndi ludzu lomweli
ife tisanabadwe.

Bambo aulandira, aupukuta pa malaya.
"Ngati wamva kameneka," akukuwa
ngati ndili kutsidya kwa chigwa,
"golide sudzamuphonya."

Auponya m'thumba la pachifuwa,
momwe amasungamo mapiritsi awo.