Nyali Makumi Awiri ndi Zinayi

Anandipatsa kiyi wolemera ngati kasemasema,
nati, Idwal, nyali makumi awiri ndi zinayi,
zikhale zitayaka pofika Disembala.
Ndinatsegula chitseko chomwe ndinatulukirapo komaliza
nditasenza bokosi la amayi paphewa lamanzere.

Fungo silinasamuke:
chinyezi, mabuku a nyimbo otupa ndi mvula,
polishi wa manja amene anagona kalekale.
Pamwamba pa khomo, pamwala wa sileti,
pakadali 1868 ndi dzina lakuti Soar.
Anamanga ndi amuna a kumgodi
ndi makobidi otsala pa malipiro,
mapapo atadzaza kale fumbi la phiri.
Anakonzera anthu mazana asanu ndi limodzi.
Pamapemphero otsiriza tinalipo khumi ndi mmodzi,
kuwerengera woimba limba
ndi galu wake.

Tsono sukulu yagula.
Mabenchi tawazula ngati mano,
pansi patsala mabowo a misomali, mizeremizere.
Kunsi kwa benchi lachisanu ndi chiwiri
ndapeza zilembo zanga, zozokota ndi mpeni wa bambo
mkati mwa ulaliki wa Yona,
tsiku lomwe anandikoka khutu mpaka kunyumba.
Thabwalo lili m'galimoto mwanga. Sindinapemphe.

Gome la mlaliki lakana kutuluka, khomo lachepa.
Mayi Eluned, mphunzitsi wa zisudzo,
alizungulira kawiri, manja m'thumba.
Lisiyeni, atero. Likhala khonde, likhala sitima,
chaka chamawa mwina ndende.

Lachinayi, ndili pamakwerero waya ali kukamwa,
ndodo inagogoda pansi.
Emrys Vaughan, mkulu wa mpingo wopanda mpingo,
zaka makumi asanu ndi anayi, chikhoti cha maliro.
Bambo ako ankati zisudzo ndi khonde la gehena, anatero.
Mawaya mwakhoma pomwe tinkapachika manambala a nyimbo.
Sindinayankhe. Waya anandithandiza.
Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.
Denga lasiya kudontha?
Lasiya.
Ife linatikanika zaka makumi atatu
ndi ndowa zisanu ndi zinayi.
Anakhala pabokosi la zida osafunsa mwini.

Ndinkafuna munthu woima pansanja kuti ndilunjike kuwala.
Ananditumizira Nerys, wa zaka khumi ndi zitatu,
juzi yaikulu, maso ali pansapato.
Nena kalikonse, ndinatero.
Milomo inagwedera, mawu n'kugwera pachifuwa.

Kweza chibwano, mwana!
Anali Emrys, ali pabokosi pomwepo.
Usalankhule kwa ife, lankhula kwa wotchi iyo.
Osakuwa. Nyumba ino imanyamula yokha,
anaimanga anthu ogontha ndi zophulitsira miyala.

Mtsikana anayang'ana wotchi yoima pa naini koloko
nanena dzina lake, ndi la msewu wa kwawo,
ndi zomwe anadya m'mawa.
Mawu anakwera, anazungulira chipinda cham'mwamba,
anabwerera kudzamupeza pomwe anaima.
Anadzidzimuka ngati wagundidwa paphewa.
Kenaka anabwereza, dala,
ndipo njiwa ziwiri zinathawa pazenera.

Emrys anadzuka movutikira.
Pakhomo anafunsa mtengo wa tikiti,
nati ndi kuba kumeneko,
nafunsanso tsiku.

Madzulo ano ndayatsa zonse pamodzi.
Makoma omwe ankadziwa imvi ya Lamulungu yokha
aona kufiira, aona mtundu wa nyanja.
Makatani akuda aphimba mazenera,
kunja chipale chayamba kugwera pamanda
pomwe ana azidutsa ndi zipewa za pepala,
akuseka, akuponda njira ya amayi.
Sindikudziwa ngati akanakwiya.
Ankakonda ana, ankadana ndi phokoso.

Nyali ya nambala seveni ikuphethira.
Waya ndi wabwino, ndamuyeza katatu.
Mawa ndisintha babu.
Kiyi ndikabweza Lolemba.