Kumbuyo kwa Mlonda

Loweruka masana ku Kawale,
m'kashopu ka Malizani, kuseri kwa ometa tsitsi,
mphwanga Chiletso anandiika kowongolera m'manja,
kakadali konyowa ndi thukuta la ana ena.
"Achimwene, iyi si ya mpira ayi.
Muno simuthamanga. Muno mumanyang'ama."
Mahandiredi asanu, theka la ola.

Pa sikirini panali usiku, mvula yowaza, mpanda wa waya,
ndi munthu wovala zakuda atanyonyomala m'maudzu.
"Ameneyo ndinu."

Ndinadina batani lolakwika.
Munthu wanga anaimirira njo! pansi pa getsi.
Belu, agalu, mfuti,
sikirini yonse psuu.
Ana kumbuyo kwanga anafa ndi phwete.

Kachiwiri ndinaphunzira kukwawa.
Ndinaphunzira kuti mdima umafundidwa ngati bulangeti,
kuti botolo ukaliponya kumanzere
njira imatseguka kumanja,
kuti malata ndi akazitape, ukawaponda amaulula.
Ndinangozindikira ndagwira mpweya,
ine wamkulu ndi ndevu zangazi,
kuopa kuti angandimve kupuma
anthu opangidwa ndi magetsi.

Kenako ndinamuona.
Mlonda.
Tochi m'dzanja, jekete lomukulira,
masitepe khumi kupita, khumi kubwerera,
kuima pa ngodya, kuyasamula,
kudzikanda m'khosi.
"Muzembereni kumbuyo," Chiletso ananong'ona,
"dinani ili, mum'kanyange pakhosi.
Safuula ameneyo."

Chala changa chinauma gwa.

Mwanayu amaiwala kumene kumachokera fizi yake.
Lolemba mpaka Lachisanu, sikisi mpaka sikisi,
geti lakuda ku Area 43 ndi langa.
Masitepe khumi ndi anayi kukafika pa thanki ya madzi,
khumi ndi anayi kubwerera.
Cha m'ma thu koloko ndimayasamula pa ngodya,
ngodya yomweyo usiku uliwonse,
ndipo jekete la kampani linasokedwera munthu wina wamapewa.
Anawauza ndani opanga gemuyi?
Anandionera pati?

Ndinamuyang'ana msana nthawi yaitali.
Msana wa munthu amene akuwerenga m'mutu
masiku otsala kuti mwezi uthe.
Iye anatembenuka,
tochi yake inandimenya m'maso,
belu linaliranso.
"Aaa, bambo awa!" ana anadandaula,
koma ine pansi pa mtima ndinati:
wagwira ntchito, mnzanga,
mwezi uno sakudula malipiro.

Kachitatu sindinam'khudze.
Ndinadzera m'ngalande, chamimba,
pang'onopang'ono ngati minibasi ya pa Mchesi nthawi yoweruka,
iye akuyenda pamwamba panga, nsapato zake ko, ko, ko,
osadziwa kuti wina wam'siyira moyo.
Chitseko chinali apo, dzanja langa pa loko,
magetsi phethi! kuthima.
Malizani anati jenereta ilibe mafuta
ndipo ndalama ikalowa m'kabati sibwerera.

Lolemba usiku ndinasintha mayendedwe.
Masitepe asanu ndi anayi, kuima, kucheuka.
Khumi ndi atatu, kubwerera chammbuyo.
Kuyasamula ndinakumeza.
Maluwa a abwana aja ndimathirira m'mawa
ndinawaona koyamba mmene alili:
munthu wamkulu atha kugonamo osaoneka.

Itakwana thu koloko, botolo linagubuduka kumanzere.
Ine tochi kumanja, msanga,
mtima uli m'kamwa.
Kunalibe munthu.
Kumanzere kuja mphaka wa aneba ananditukwana ndi maso
n'kulumpha mpanda.

Ndinaseka ndekha, mwakachetechete,
kuti alamu ya m'nyumba isamve.

Mahandiredi asanu ena ndabisa m'sokosi.
Loweruka ndibwereranso kwa Malizani.
Chiletso akuti kuseri kwa chitseko chija kuli alonda asanu ndi mmodzi
ndipo sizitheka kudutsa onse osagwetsa ngakhale mmodzi.
Tikaona.
Ine ndikufuna ndikangomuona uja wa jekete,
ngati anam'sinthako shifiti,
ngati anayamba kucheuka.