Mlatho wa Zingwe

Loweruka, malipiro atangolowa,
tinatsika minibasi pafupi ndi Lingadzi,
Lonjezo patsogolo ngati akudziwa njira,
Tionge atandigwira chala chimodzi.
Pageti ndinasiya ndalama ya makala a sabata yonse.
Ndisanalandire chenji, ana anali atabalalika.

Fumbi la Okutobala,
matayala opaka utoto,
katungwe akulira ngati njinga ya kabaza yosowa girizi.
Lonjezo watsetsereka kasanu ndi kawiri,
kabudula wa kutchalitchi wafiira kumbuyo.
Za amake tikaziona madzulo.

Kenako mawu kumwamba: "Adadi!"
Tionge wauma pakati pa mlatho wa zingwe,
nsapato imodzi yagwa.

Ine amene ndimaitana mnyamata wa aneba
babu likapsa,
ndinakwera.
Thabwa loyamba, lachiwiri,
mlatho unayamba kuvina,
mawondo anga n'kuvina nawo.
Pansipo amayi ena anasiya macheza
n'kuloza mafoni kumwamba.

"Musayang'ane pansi," anatero mwanayo,
misozi isanaume n'komwe.
"Muziyang'ana ine."
Anatembenuka, nayenda,
pambuyo pake kalaliki wa boma wa zaka makumi anayi
akuwerenga mikanda ya m'tsitsi lake,
yofiira, yoyera, yofiira,
mpaka tsidya.

Mu minibasi ya ku 25
anagona pachifuwa panga,
fulizesi akusungunukira pa malaya anga.
Lonjezo anandinong'oneza:
"Sindikawauza amayi kuti munalira."

Sindinalire ine.
Linali fumbi.

Nsapato ija tinaikumbukira titafika kwa Nsungwi.