Botolo la Buluu ku Biwi

Juni akafika ku Biwi
sipanala imaluma zala ngati nkhanu,
ndipo botolo la naitirasi, labuluu lija,
limagona m'buti mwa Alteza ya a Mkwapatira
ngati munthu wa matsire.
Singano ya geji yakana kudzuka,
yakakamira pa sikisi handiredi.
Bwana akufuna naini handiredi,
apo ayi, akuti, injini idzangomeza petulo
n'kumageya utsi wakuda pamaso pa anthu.

Chofunditsira chake chilipo, cha magetsi.
Ndinachiona pa foni ya Shaibu,
lamba wakuda wochokera ku Joni,
mtengo wake lendi ya miyezi iwiri
osawerengera msonkho wa pa chipata cha Dedza.
A Mkwapatira anangotsonya
nabweza foniyo ndi zala za girizi.

Tinayamba ndi dzuwa.
Ndinalikweza botolo pa malata a galaja,
koma dzuwa la mwezi uno ndi wangongole:
limatulukira mochedwa, limazemba osatsanzika.
Tinalikulunga m'bulangete la kaunjika la ku Tsoka
usiku wonse, ngati mlendo wolemekezeka.
M'mawa singano ili pomwe paja.
Bulangete silifunditsa chopanda magazi,
ndinaphunzira zimenezo ndine ndekha, wopanda chofunda.

Malizani wowotcherera ndiye anabwera ndi nzeru,
moto wabuluu uli lawilawi m'manja:
Mphindi imodzi yokha, bwana, ndilinyambititse kumimba.
Galaja yonse inati zii.
A Mkwapatira anapinda malaya mpaka paphewa
kumuonetsa khungu losalala ngati pulasitiki yosungunuka,
kenako analoza denga
pomwe lata limodzi ndi latsopano kuposa anzake.
Sanawonjezere mawu.
Malizani anazimitsa, napita kukawotcherera geti ya anthu.

Loweruka madzulo magetsi anathima monga mwa nthawi zonse.
Ndinatumidwa ku Kawale kukabwereka beseni
lomwe Nachisale amasambitsiramo Tiyamike.
Madzi a pa mbaula, theka,
a pa mpopi, theka ndi pang'ono.
Viika chigongono, anatero bwana,
chikakana iwe, botolo nalo likana.
Tinalikhazika m'madzimo, mutu uli kunja,
ine ndikulithira pamsana ndi kapu yothyoka chogwirira,
tochi ya foni ili kukamwa.
Seveni handiredi.
Kudikira.
Galu wa kwa aneba, wailesi ya alonda, udzudzu umodzi wosamva kuzizira.
Eyiti fifite.
Pa naini handiredi bwana anati, Basi, litulutse,
kupitirira apo ndi maliro.

Lamlungu m'bandakucha tinabwereza zonse,
kenako mabotolo anayi a Sobo odzaza madzi ofunda
tinawamangirira m'mbali ndi malegeni,
bulangete lija pamwamba, tsopano lapeza ntchito.
Ulendo wa ku Kanengo,
kumene mafakitale amagona tsiku la Mulungu
ndipo phula limakhala lopanda mwini.

Mnyamata wa ku Eriya Fote Firii anafika ndi Gofu yoyera,
lamba wa ku Joni ali m'buti, kanyali kofiira kakuphethira.
Anasuzumira kwathu, anaona Sobo ndi malegeni,
anaseka mpaka kutsamira pa chitseko.

Mpango unagwa.
Giya yoyamba, yachiwiri,
kenako chala cha bwana pa batani,
Alteza inakuwa ngati nkhumba yaona mpeni,
fumbi, fungo la matayala, njiwa zonse za pa nkhokwe zili m'mwamba.
Masekondi khumi ndi atatu.
Milungu itatu ya ine kugona ndi mphepo,
masekondi khumi ndi atatu.

Gofu inatipitirira ndi bampala yokha.
Mnyamata uja sanasekenso.
Anabwera, manja m'thumba, nafunsa chapansipansi
kuti madziwo timafunditsa kufika pati.

Beseni ndinabweza madzulo.
Nachisale analizunguza pa kuwala,
anapeza mzere wa oyilo m'mphepete,
ndipo anandipatsa sopo ndi mchenga
kuti ndikhale pakhonde pomwepo mpaka uchoke,
Tiyamike ali chilili, maliseche, akunjenjemera,
kudikira madzi ake.