Matumba Atatu a Kachewere

Kalata inabwera itapindidwa kanayi m'thumba la yunifolomu.
Sungeni anaiyala pa benchi langa, pakati pa milu ya kachewere,
pa Lizulu, chifunga chisanachoke mumsewu.
Kampu ya hoke. Masiku asanu. Ku Blantyre.
Mmunsi mwake nambala,
maziro ali ndandanda ngati mazira a nkhanga.

Ndinaiwerenga m'chiwerengero changa:
thumba limodzi kulembetsa dzina,
lachiwiri basi, kupita ndi kubwera,
lachitatu nsapato, zotchinga miyendo
ndi kanthu kovala m'kamwa koteteza mano.
Mano omwewo ndinawalera ine, ulere.

A Kadzakumanja, amene amawaphunzitsa pa fumbi kuseri kwa sukulu,
anafika chipewa chili m'manja.
"Mayi, mwanayu ali ndi dzanja.
Akangomuona akuluakulu kumeneko..."
Mawu otsalawo anawasiya m'malere.
Mlamu wanga Nangondo sasiya kanthu m'malere:
"Ndodo yokhota kumutu ngati ya nkhalamba
inalipirirapo ndani fizi?
Ikanakhala ntchemberembaye ndikanamva."

Ndinagulitsa.
Venda wa lole anaona changu m'maso mwanga
nadula mtengo pakati, akuseka.
Thumba lachitatulo linali mbewu.
Sindinauze munthu.

Anaimba kamodzi, pa foni ya mnzake:
"Amayi, bwalo lake ndi kapeti!
Amalithirira ngati dimba koma silimera kanthu.
Mpira sudumpha, umangoti see,
ndikuupitirira, ukundipitirira."
Ndinamva ana ambiri akuseka kumbuyo kwake,
mayunitsi nkutha.

Anatsika Lamulungu usiku.
Ana makumi asanu ndi limodzi, anatengapo asanu.
Anayi mwa iwo kochi ankawaitana mayina
kuyambira tsiku loyamba,
a sukulu za mpanda wa njerwa, ndodo ziwiriziwiri m'chikwama.
Wanga ankamuitana nambala ya pamsana.
Anabwera ndi malaya olembedwa,
satifiketi yolakwitsa dzina,
ndi chala chotupa ngati kachewere wamng'ono
amene timawonjezera makasitomala.

M'nyumba sanalire.
Anakalirira ku mjigo, kumene nkhope yonyowa siifunsidwa.

Nangondo sananene kanthu.
Bola akananena.

Tsopano kumunda kuli mizere khumi ndi iwiri yopanda mbewu,
ndimaidutsa m'mawa ngati munthu wangongole.
Ndafunsa sikelo yanga,
imangodziwa makilo.
Ndafunsa a Kadzakumanja kuti ndalama zija anadya ndani,
akuti bwalo amalipira, makochi amadya, magetsi,
ndipo mwina nzoona.
Iwonso njinga yawo ilibe mabuleki.
Koma ndani anayamba wauzapo mayi
kuti malo ndi asanu okha, asanagulitse mbewu?

Dzulo ndikukataya masamba ovunda a kabichi
ndinamuona kuseri kwa msika.
Anatembenuza ndodo, mutu wake pansi,
nkukokera mpira kumanzere, kumanja, kumanzerenso,
mnyamata wa fomu fo nkungokhala pansi, phi!
Zimenezo asanapite sankachita.
Pambuyo pake tiana tisanu ndi tiwiri
ndi ndodo zosema za bulugama,
iye akukalipa: "Pindani mawondo! Maso kutsogolo!"
ndi mawu amene sanawatenge kwa ine
kapena kwa bambo ake.
Ndinaima pamenepo, beseni pamutu,
mpaka ntchentche zinandikumbutsa ntchito.

Sindikuti matumba anga abwerera.
Dzanja lokhota bwino siligula feteleza.

Lero kwabweranso kalata, yopindidwa kanayi,
maziro awonjezekera limodzi.
Sungeni sanaiyale pa benchi,
wangoisiya pambali, osandiyang'ana.
Ndaiika pansi pa mwala
umene ndimatsindira majumbo kuopa mphepo ya pa Lizulu.
Basi ya ku Blantyre yaima, yatenga tomato, yapita.
Sindinayankhe.
Mwalawo sindinauchotse.