Pakati pa Chisanu ndi Chisanu

Ilmārs ankawerenga masiku m'kabuku kobiriwira,
kuyambira chisanu chomaliza cha mu Meyi
kufikira choyamba cha mu Seputembala.
Chaka chabwino, zana limodzi ndi makumi awiri.
Chaka chino ndawerenga ndekha.

Mbande zinakulira pazenera la kukhitchini,
m'timakapu ta yogati,
zikusuzumira chipale chofewa pamsewu wa ku Cēsis
ngati ana oletsedwa kutuluka.
Ndinkazitembenuza m'mawa uliwonse.
Iye ankatero. Sindinamufunsepo chifukwa.

Tsiku lowokera, msana unandikumbutsa zaka zanga.
Anyezi mizere itatu, karoti iwiri yokhota,
nsawawa kutsamira mpanda,
nkhaka pansi pa pulasitiki wong'ambika pakona
amene tinkati tidzasintha chaka chamawa.

Mu Juni dzuwa la kuno limaiwala kukagona.
Ndinkapalira mpaka leveni koloko ya usiku,
kumwamba kuli mbee, udzudzu uli m'khutu.
Nkhono nazo sizigona.
Zinamaliza letesi usiku umodzi
n'kundisiyira timizere tasiliva ngati lisiti.
Ndinazitolera m'ndowa, makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri,
n'kukazikhuthula kutsidya kwa njanji.
Zigrīda, atatsamira mpanda, anaseka mpaka kutsokomola:
"Mawa zibwera pasitima."

Kenaka nkhaka zinayamba.
Lolemba zisanu. Lachinayi ndowa.
Ukavundukula tsamba, ina ili phee,
yanenepa mobisa, yachita chikasu.
Ndinapatsa wamakalata, ndinapatsa dokotala wa mano,
Zigrīda anayamba kutseka katani akandiona ndi thumba.
Zotsala zinalowa m'mabotolo:
mchere, adyo, katsabola, madzi owira,
chivindikiro gwa!
M'chipinda chapansi mukadali mabotolo asanu ndi limodzi
olembedwa ndi dzanja lake.
Sindiwatsegula. Ndimangowasunthira kumbuyo.

Madara amaimba foni kuchokera ku Cork:
"Amayi, kusitolo kilo yathunthu ndi timakobili,
mukudzivutitsiranji?"
Ndimayang'ana dothi la m'zikhadabo zanga.
Ndimati, "Adyo wa uko alibe fungo. Ndikutumizira."

Pamulu wa manyowa panamera phwetekere
amene sindinabzale.
Wopanda chikhomo, wopanda chingwe,
anangoyanga pamakoko a mazira ndi masamba a tiyi.
Zipatso zake zonenepa, zoderako m'mapewa,
mtundu uja Ilmārs anautaya zaka zitatu zapitazo,
ati umang'aluka msanga.
Wang'alukadi.
Ndinadya nditaimirira pomwepo,
akadali wofunda ndi dzuwa,
madzi akutsetserekera kuchigongono,
ndikumutsutsa mokweza mwamuna amene kulibe.

Dzana wailesi inati usiku kuzizira.
Ndinatuluka tochi ili kukamwa.
Nyemba ndinazifunditsa nsalu zapabedi,
tsabola makatani akale,
maungu nyuzipepala zotsinjiriza ndi njerwa.
Zofunda zinatha ndisanafike pamulu uja.
Ndinaima. Mpweya wanga unkaoneka.
Ndinabwerera m'nyumba,
ndinatsitsa jekete lake pamsomali wa kuseri kwa chitseko,
pamene lakhala chikolekere.
M'thumba munali chingwe ndi kapensulo kotafunidwa.

M'mawa udzu unali woyera, ukulira pansi pa nsapato.
Masamba a nkhaka ali lende,
akuda ngati owiritsa.
Ndinanyamula dzanja la jekete pang'onopang'ono,
monga ndinkachitira kuchipatala.
Pansi pake, zipatso zisanu ndi zinayi,
zozizira ngati miyala,
koma zolimba.

Ndalemba m'kabuku: zana limodzi ndi khumi ndi anayi.
Iye akanati chaka chopereŵera.
Njere ndaziyanika pasosala, pazenera lomwe lija,
ndalemba dzina pakapepala
kuti ndisadzati ndinyenyeswa.
Jekete likununkha masamba a phwetekere tsopano,
sindilichapa.

Zigrīda wandibwereka foloko yokumbira,
yanga inathyoka dzino.
Mawa ndikumba mbatata,
mvula ikalola.